Msomali Pamphuno ya Mtsogoleri

Wapolisi anakhuthula thumba patebulo la woweruza milandu, ndipo tindalama tachitsulo tinamwazika, tina n'kugubudukira pansi pa mabenchi. Palibe amene anawerama kuti atole. Ndani angapweteke msana wake chifukwa cha sinje imodzi?

Kale sinje inali ndalama yolemekezeka m'dzikomo. Inkagula buledi, chenji n'kutsalako. Koma zinthu zitakwera mitengo, boma linayamba kusindikiza ndalama zamapepala za masinje zikwizikwi, zobiriwira, zofiira, zina zazikulu ngati mpango, ndipo kachitsulo kaja kanangotsala kong'amba matumba. Chimene sichinasinthe pa kandalamako ndi nkhope ya Mtsogoleri. Tsono tonse timene tinali patebulo tsikulo tinali toboola pakati, pamphuno penipeni.

Woimbidwa mlandu anali mmisiri wokhoma madenga, bambo wamfupi, wa zikhatho zokhakhala, yemwe anthu ankangomutcha Nyundo. Anaima chilili, osapinda manja kumbuyo monga amachitira anthu amantha.

"Mukuvomera kuti munaboola ndalama za boma?" anafunsa woweruza.

"Ndikuvomera, bwana. Washala mmodzi, kachitsulo kotchinga pansi pa mutu wa msomali kaja, kusitolo ndi masinje makumi asanu, pomwe sinje imodzi ndi sinje imodzi basi. Ndikaiboola, n'kuika kachidutswa ka chubu pansi pake, n'kukhoma msomali, malata sadontha. Siichitanso dzimbiri. Kunena zoona, ndi ntchito yokhayo imene ndalama imeneyi ikuigwira bwino masiku ano."

Anthu anaphulika kuseka. Woweruza anamenya tebulo mpaka tindalama tija tinadumpha.

Lamulo silinali loseketsa ayi. Wowononga nkhope ya Mtsogoleri ankakhala m'ndende zaka zitatu. Koma woweruza anali atapereka mpata: Nyundo angotchula nyumba imodzi imene anaikhomera ndalamazo, boma likasasule denga lake kuti anthu onse atengerepo phunziro, iyeyo n'kubwerera kwawo. Limeneli linali tsiku lachitatu akufunsidwa, ndipo masiku awiri oyambawo yankho lake linali limodzi, loti iye amakhoma madenga, sasasula.

Vuto linali nyengo. Mvula inali itayamba, ndipo nyumba yosasulidwa mwezi umenewo ikanagwa makoma sabata isanathe. Pabenchi lakumbuyo panakhala mlamu wake wa Nyundo, mkazi wa malemu mng'ono wake, mayi wa ana anayi. Nyundo anali atamukhomera denga mwaulere mwezi wapitawo, ndipo msewu wonse unkadziwa zimene zinali pansi pa misomali yake. Apolisi atapita kukafunsa, aliyense anangoti saona bwino zakutali. Panalinso m'khotimo wometa tsitsi, wosoka nsapato ndi mphunzitsi wopuma pantchito, onse mitima ili m'mwamba chifukwa cha madenga awo.

"Ndikufunsani komaliza," anatero woweruza, akutsegula cholembera.

Mkazi wa Nyundo sanathe kupirira. Anaimirira misozi ikutsika. "Bambo a ana, tchulani chonde! Zaka zitatu tidya chiyani ife? Denga n'lokhomanso, koma inu mukafera kumeneko?"

Wapolisi anamukhazika pansi. Nyundo anayang'ana mkazi wakeyo nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba mapewa ake anagwa. Zinali zomvetsa chisoni kuona munthu wouma mutu chotero akufewa. Kenako anatembenukira kumbuyo. Mlamu wake anaweramitsa nkhope n'kuyamba kupotokola nsonga ya nsalu yake.

"Ndikatchula, ndituluka lero lomwe?" anafunsa Nyundo ndi mawu otsika.

"Lero lomwe."

"Ndipo dengalo lisasulidwa ndithu? Ngakhale mwini wake atalira, atanena kuti alibe kopita?"

"Lamulo siliona nkhope," anayankha woweruza monyadira. "Dzuwa lisanalowe, lata lililonse likhala pansi."

"Mundikhululukire, bwana, ine sindinapite patali ndi sukulu, koma mawu apakamwa ndimawaopa. Lembani zimenezo, musainire, mudinde. Musiye malo a nyumbayo okha."

Kumbuyo kunamveka kung'ung'udza. Wosoka nsapato anatukwana chapansipansi. Wometa tsitsi anatola chipewa chake n'kuyang'ana kukhomo. "Ndiye kulimba konse kuja kwathera pomwepa?" ananong'ona mphunzitsi uja mokhumudwa.

Woweruza analemba mosangalala, chifukwa akuluakulu ankadikira chitsanzo, ndipo iye ankadikira kukwezedwa. Anawerenga mokweza kuti Nyundo wamasulidwa ndipo nyumba yotchulidwayo isasulidwe tsiku lomwelo popanda apilo. Anasainira, anapumira pachidindo, n'kuchidinda mwamphamvu. Kalaliki ananyamula pepalalo kulionetsa kwa onse.

Mlamu uja anatseka maso.

"Tiuzeni tsopano," anatero woweruza, cholembera chili m'mwamba. "Nyumba ya ndani?"

Nyundo anawongola mapewa, ndipo mawu ake anamveka mpaka pakhonde.

"Ndi ino, bwana. Ndinakhoma ndine chaka chatha, boma litanditumizira malata ndi misomali popanda washala ndi mmodzi yemwe. Pamwamba pa mutu wanupo pali nkhope zikwi zinayi. Muyamba mwatulutsa mafailo, kapena ndikatenge makwerero?"