Chachisanu pa Waya

Alamu anga anandiitana kutada kuti ndikawakonzere thiraki yomwe inayenera kunyamuka m'mawa mwake. Ntchito yake inali yochepa: kutchera kachipu katsopano kothandiza makompyuta a m'galimotomo kulankhulana pa waya umodzi. Ukakatchera bwino, injini, mabuleki, giya ndi dashibodi zimavomera, chilichonse ndi nambala yake, ngati ana m'kalasi.

Nditakatchera, zinayi zija zinavomeradi pa laputopu yanga. Kenako panavomeranso chachisanu.

"Alamu, munawonjezera chipangizo china m'galimotomu?"

"Ayi," anatero, maso ali pansi.

Ndinazula mapulagi onse ndi batire lomwe. Pa laputopu zinayi zija zinazima, koma chachisanu chinapitiriza kutumiza uthenga umodzimodzi: buleki yapondedwa. Ndinaunika ndi tochi pampando wa dalaivala. Panalibe munthu, koma chopondera buleki chinali pansi.

"Kodi dalaivala amene ankayendetsa thirakiyi kale ali kuti?" ndinafunsa.

Alamu anandigwira mkono. "Anafera pampando womwewo. Chonde, musachiyankhe."

Ndinayang'ana kachipu kaja. Ndinali nditakatchera ndekha, monga ndimachitira masiku onse, kuti kazivomera aliyense woitana pa waya. Kanali katayankha kale.

Chopondera chija chinayamba kukwera pang'onopang'ono.