Khamu la Khwangwala

Padangokhala Nkhanga, mayi wa anapiye asanu, amene anafulula mowa wogulitsa. Tsoka lake, kwawo kunali kutali ndi njira, moti mowawo unayamba kusasa popanda woulawa.

Kunabwera oitanira malonda awiri. Nsadzu, mbalame yolondolera anthu ku uchi, anati, "Mayi, ine ndikubweretserani atatu kapena anayi, koma a ludzu lenileni."

Khwangwala anaseka chikhakhali. "Ndipatseni lichero la mapira, bwalo lino lidzaza dzuwa lisanafike paliwombo."

Nkhanga anayang'ana mbiya zake zosefukira, napereka mapirawo kwa Khwangwala osafunsa kuti akaitana bwanji.

Komatu Khwangwala ankadziwa mfuu imodzi yokha. Anatera pansonga pa mlambe nakuwa kuti, "Kwa Nkhanga kwafa nyama!"

Bwalo linadzazadi. Miimba inatera padenga, afisi anazinga nkhokwe, koma panalibe wogwira chipanda. Atafunafuna nyamayo osaipeza, onse anatembenuzira maso kwa anapiye.

Madzulo Nkhanga, ali yekhayekha pakati pa timanthenga ta ana ake, anaona Khwangwala akujompha zotsala.

"Bambo, mwandibweretsera ayani?"

"Munagula khamu, mayi. Zoti limadya chiyani simunafunse."