Chingwe cha pampando wa apongozi

Panali munthu wina ku Kaomba, dzina lake Kizito, mlimi wa fodya wa m'balani. Chaka china fodya atamuyendera bwino, anagula kapikapu kakale kotsokomola m'mawa uliwonse.

Kizito anaganiza kuti vuto ndi chisanu. Iye ankadziwa kuti balani ikazizira umatseka mazenera, ikatentha umatsegula. Ndiye anadula zitini za mafuta ophikira, nazimanga mondandalika kumaso kwa galimoto, kutsogolo kwa redieta. Mphira wa chubu cha njinga unkazitseka. Ukakoka chingwe, zinkatseguka kuti mphepo ilowe. Chingwecho chinkatulukira pampando wa kumanzere, pomwe pankakhala mkazi wake, Fainess.

"Bambo a Goodness, galimoto si balani," anatero Fainess. "Koma ngati mwalimbikira, chingwechi chidzere mbali yanu. Tsiku lomwe kulibe ine adzakoka ndani?"

"Dalaivala amagwira chiwongolero, osati zingwe," anayankha Kizito. "Ndipo inu mupita kuti?"

Makuponi atatuluka, kunamveka kuti kudepoti ya ku Santhe kwafika feteleza wochepa, wofika mochedwa abwera chimanjamanja. Mayi ake a Fainess, omwe anali amasiye, ankadalira matumba a kuponiwo pa munda wawo wonse. Kizito anadziguguda pachifuwa.

"Auzeni amayi asavutike ndi njinga. Mkamwini wawo ali ndi galimoto."

M'mawa mwake Fainess anayalira mayi ake chitenje pampando wa kutsogolo kuti fumbi lisawadetse, iye nakwera kumbuyo ndi azimayi ena, wina atanyamula nkhuku. Apongozi anakhala mwaulemu, atayang'ana kunja kwa zenera monga mwa mwambo. Paja mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso.

Atayenda pang'ono, dzuwa la Novembala linayamba kuwomba. Muvi wosonyeza kutentha unayamba kukwera. Kizito anati ayang'ane chingwe chija, mtima unangoti phwii. Apongozi anali atachikhalira. Kansonga kokha ndi komwe kankaoneka.

Angawauze bwanji apongozi kuti anyamuke pang'ono? Dzanja lake lipite kumeneko? Ayi ndithu, bola imfa. Anatsokomola.

"Amayi, mwakhala bwino pamenepo?"

"Ndakhala bwino, bambo. Zikomo."

"Mpandowo sukukubayani?"

"Ayi, bambo, ndi wofewa ngati wa kwa abusa."

Muvi unafika pofiira. Kizito analowetsa dala tayala m'dzenje kuti mwina apongozi angadumphe. Omwe anadumpha ndi a kumbuyo.

"Bambo a Goodness, mwanyamula anthu, si mabelo!" anakuwa Fainess.

Apongozi sanasunthe. Kizito anatsina kansonga kaja ndi zala ziwiri, nakoka pang'onopang'ono, maso ali pamsewu. Apongozi anangoti nganganga, nayamba kung'ung'udza nyimbo ya chigwirizano cha amayi.

"Amayi, mwina tiime muwongoleko miyendo?"

"Iyayi bambo, feteleza atithera. Tiyeni."

Thukuta linali kamukamu. Pa dambo lina galimoto inalira ngati ketulo, nthunzi ili tolotolo, kenako zii. Azimayi a kumbuyo anatsika mothamanga, wina akuitana Yesu, wina akuitana nkhuku yake.

Fainess anathamangira kutsogolo. Anaona zitini zili chitsekere, anaona nkhope ya mwamuna wake, nazindikira zonse.

"Amayi, tatsikani."

Atatsika, chingwe chinali pompo, chitaphwatalala pachitenje.

"Simukanangonena?" anafunsa Fainess.

"Ndikananena bwanji kwa amayi?" anatero Kizito, akuyang'ana nsapato zake.

Apongozi nawo anayang'ana kumbali, nayankhula ndi mwana wawo.

"Iwe Fainess, auze bambowa kuti chingwecho ndinachimva kalekale chikukoka. Koma ndikanadzisuntha bwanji pamaso pa mkamwini? Ndinangoti ndichipondereze, mwina chisiya."

Azimayi aja anaseka mpaka kukhala pansi. Koma galimoto sinalirenso. Bambo wina wa ngolo, a Lemani, anawapeza pomwepo. Sanafunse zambiri. Anangosuntha mitolo ya udzu, nati, "Kwerani amayi, ng'ombe zanga sizitentha."

Anafika ku Santhe thumba lomaliza likukwezedwa pa njinga ya munthu wina. Apongozi anaima pachipata, kuponi ili m'manja. Mvula inali itayamba kale kuchita mdima kumadzulo. Mayi wina wa m'mudzi mwawo, Ezelina, yemwe analawirira wapansi, anawagwira dzanja.

"Musade nkhawa, amayi. Ndikupungulirani ndowa imodzi, muyambirepo."

Kizito anamva mawuwo ali kumbuyo kwa ngolo, ndipo anamulasa kuposa chitonzo. Madzulo ake anatsegula nyumba yomwe ankasungamo feteleza wa fodya wake, nasenza matumba awiri pa wilibala mpaka pakhomo pa apongozi. Anagwada patali, chipewa chili m'manja.

Apongozi anayankhira m'nyumba, chitseko chili chotseka.

"Fainess, uwathokoze bambowa. Uwauzenso kuti ulendo wina ine ndidzakwera kumbuyo ndi nkhuku."

Chaka chimenecho chimanga cha apongozi chinabereka bwino. Fodya wa Kizito ndiye anangofika m'mawondo.

Phunziro: Ulemu ndi wabwino, koma ulemu wosoka pakamwa injini ikupsa umagonetsa anthu ndi njala. Ndipo mkazi wako akakuuza kuti chingwe chidzere mbali yako, mvera, waona kale zomwe iwe sunaone. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka akamwini omwe angogula kumene galimoto.