Mbali Yolembedwa A

"Mabowo ako aphonya, Fyness. Uwakuze ndi tupa," anatero a Lameck, akapitawo a pamalo okonzera zitsulo ku Matawale, akuponya chivundikiro cha pampu patebulo.

Fyness sanatole tupa. Anayala pulani, n'kuloza kabokosi ka chilembo A.

"Bambo, miyeso yonse ikuyambira mbali yosalala iyi ya chivundikiro, yolembedwa A. Inu mwayezera komwe munadula ndi moto."

"Ntchitoyi ndinayamba iwe usanabadwe!"

"Pampu ikakadontha kuphiri komwe ikupita, madzi sakafunsa zaka zanu."

Owotcherera onse anaimitsa ntchito. Fyness anagoneka chitsulocho pa mbali ya A, n'kukankhira choyezera kwa a Lameck.

"Yezaninso onse akuona. Bowo likaphonya kupitirira theka la milimita lomwe pulani ikulola, ovolosiyi ndivula lero lomwe. Likapanda kupitirira, tupa mugwira ndinu, musalaze komwe munadulako."