Nkhope ya Gismondo pa Khoma la Montalbera

"Weramani pang'ono, bwana. Mutu ulowe pakati pa mawondo. Eya, choncho."

Gismondo Pelacane, wolamulira mzinda wa Castelvaro, anawerama mpaka tsitsi linalendewera, nkhope ili psuu ndi magazi. Wojambula zithunzi wina, Nofri, ankathamangitsa khala papepala. Panja amisiri ankagogoda miyala ya nyumba yachifumu yomwe inali isanathe.

Gismondo anali mwana wa wogulitsa nyama. Anakwera ndi lupanga, kumenyera nkhondo aliyense womulemba ganyu. Mpando wa Castelvaro anaupeza tsiku limene anasiya asilikali a mzinda wa Montalbera pakati pa nkhondo n'kuwolokera kwa adani awo. Mu Montalbera mwenimwenimo anali asanalowemo. Ankagona kumisasa, nkhope ili m'chisoti chachitsulo, moti akuluakulu a kumeneko ankangomudziwa dzina.

Tsopano ankafuna kuti anthu aiwale. Anagula mabuku achigiriki ngolo yathunthu, ngakhale kuti dzina lake lomwe ankalilemba atatulutsa lilime. Anagumula kachisi wakale wa Aroma kuti apeze nsanamira za khonde. Mlakatuli wina wodyera m'khitchini mwake anali atatulukira kale kuti makolo a Gismondo anachokera kumzinda wotchuka wamakedzana wa Troya.

Koma mabanja akale ankamusekabe, ndipo banja la Ardinghi, komwe ankafunsira mbeta mwana wake wamwamuna, linkangozengereza. Apa ndi pamene Nofri anafika ndi uthenga: akuluakulu a Montalbera akufuna chithunzi cha Gismondo pakhoma lalikulu loyang'ana msika.

"Mwaona, mayi?" Gismondo anauza mkazi wake Lisabetta, mawu akutulukira m'miyendo. "Andikhululukira! Ukangomanga nyumba ya nsanamira, adani omwe amakuvulira chipewa."

"Dzukani, mugwa," anatero Lisabetta, maso ali pansalu yomwe ankapeta. "Ine sindinaonepo mfumu yojambulitsa mbuyo ili m'mwamba."

"Ndi luso latsopano limeneli. Mungalidziwire kuti inu? Si choncho, a Nofri?"

"Ndimangofuna ndione mmene tsitsi limagwera, bwana."

Gismondo anaweramuka, chizungulire chili tho. "Akuluakuluwo anagwirizana onse?"

"Onse, bwana. Panalibe wotsutsa ndi mmodzi yemwe."

"Nanga kukula kwake?"

"Wobwera kudzagula anyezi azikuonani asanalowe n'komwe mumsika. Dzina lanu likhala m'zilembo zikuluzikulu, pamodzi ndi ndakatulo yofotokoza zimene munachita."

"Mwamva, mayi? Ndakatulo!"

Nofri anagwada, natulutsa chingwe n'kuchizunguliza pa kakolo wa mwendo wamanzere wa Gismondo. Anayeza, nayezanso.

"Eya, nsapatozo zioneke bwino," anatero Gismondo. "N'zachikopa cha ku Spain." Kenako analoza njerewere ya pamphuno pake. "Iyinso musaibise. Ojambula anzanu amandisalaza nkhope mpaka kufanana ndi bishopu. Ndikufuna ngakhale mwana woyamwa andizindikire."

"Zimenezo n'zimenenso anandipempha akuluakulu, bwana."

Mtima wa Gismondo unasungunuka. Anatsegula bokosi n'kutulutsa kathumba ka utoto wabuluu wa mwala wochokera kutsidya kwa nyanja, umene anausungira chovala cha Maria m'tchalitchi chake chatsopano.

"Tengani. Mupake malaya anga. Umenewu sufwifwa, dzuwa kapena mvula. Zidzukulu za zidzukulu zathu zidzaupeza uli chiwalire."

Nofri anayamba wazengereza, koma analandira ndi manja awiri.

Gismondo anaitana mthenga pomwepo. Anamutuma kwa a Ardinghi kuti akawaitane onse, agogo ndi azakhali omwe, akakhale kutsogolo tsiku lochotsa nsalu pakhomalo. "Akadzionere okha banja limene akulinyalanyaza," anatero.

Nofri anagwada, natsanzika. Atafika pakhonde, pakati pa nsanamira za Aroma zija, anafunyulula pepala lake n'kuyang'ana nkhope yozondoka ija. Tsitsi linkalendewera bwino lomwe, njerewere ili poyera.

Khoma loyang'ana msika ku Montalbera ndi la bwalo la milandu, pamene amajambulapo opereka mzinda amene alephera kuwagwira, atapachikidwa mwendo umodzi, mutu uli pansi. Mtengo ndi chingwe anazijambula kale chaka chatha. Inkasowa nkhope yokha.