Mano a Simenti M'busa la Ewald

Ewald Stollenwerk anali kalikiliki kusanja mitolo ya udzu wouma kuseri kwa nyumba pamene mkazi wake, Hilde, anasuzumira pakhomo la khitchini, manja ali ufa wokhawokha.

"Bambo a Silke, mutu ukuyenda bwino? Udzu panja, mvula ili m'mwambamu?"

"Ndikutchinga mphepo."

"Mphepo yake iti? Mukufuna kubisa mano onsewo ndi timitolo tanuto? Bwanji osangomumanga nsalu kumaso mlendoyo?"

Mano amene Hilde ankanenawo anali zipilala za simenti zosongoka, zolekeza m'chiuno, zondandalika mizeremizere kudutsa m'busa la ng'ombe zake mpaka kukalowa m'nkhalango. Boma la Jeremani linazimanga nkhondo yaikulu itayandikira, kuti akasinja a adani asadutse malire. Akasinjawo anadutsabe, nkhondo inatha, mano anatsala. Kuwazula kunakanika. Ndere zinamerapo, ng'ombe zinkadzikandapo, ndipo Ewald, amene anakulira pakati pawo, anali atasiya kale kuwaona.

Anayambanso kuwaona sabata imeneyo. Silke, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali atapeza mwamuna kutsidya kwa malire, ku Belgium, ndipo Lamlungu limenelo a Palm, bambo a mnyamatayo, ankabwera kudzadziwana ndi banja. Pafoni Silke anangoti, "Adadi, chonde, nkhani zakale musaziyambe. A Palm, bambo awo anafera pa mano athuwo, iwo ali mwana."

Chimvereni zimenezo, Ewald tulo sankationa. Manyazi anamugwira ngati kuti simentiyo anakanda ndi iye. M'mutu mwake zonse zinali poyera: msilikali wa ku Belgium, chipolopolo cha Mjeremani, mwana wamasiye. Nanga munthu angalole mwana wake kukwatira pakhomo pamene bambo ake anakhetsera magazi? Akanyamuka mokwiya, ukwati wa Silke wapita, ndipo Silke sadzamukhululukira.

A Palm anafika masana, munthu wamfupi wa imvi, wosachulutsa zonena. Anadya keke ya Hilde, nayamikira, nafunsa za mtengo wa mkaka. Ewald anayamba kupuma bwino. Kenaka mlendoyo anapukuta pakamwa.

"Asewere, tiyeni tikaone ng'ombe."

"Kuli matope kumeneko, nsapato zanu zabwinozo..."

"Matope ndi athu tonse. Kwathunso alipo."

Mitolo ija sinathandize kanthu. Ng'ombe zinali zitaigwetsa kale, zikudya mosatekeseka, ndipo kuseri kwake mano anali mbee, kuyambira pampanda mpaka kunkhalango. A Palm ng'ombezo sanaziyang'ane n'komwe. Analowa pakati pa zipilalazo, akuzigwiragwira pamutu podutsa, mpaka anakaima pa chimodzi cha pafupi ndi kamtsinje. Anavula chipewa.

Ewald anaima kumbuyo kwawo. Anakumbukira chenjezo la Silke, koma kukhala chete kunamulemera kuposa kulankhula.

"Asewere, Silke anandiuza. Ine pakamwa panga m'polemera, sindidziwa kukonza mawu. Koma zinthu izi zimandichititsa manyazi. Anthu a kwathu anakulakwirani. Pepani."

"Inu munali khanda. Mupepesa chiyani?"

"Komabe zili pamalo panga."

A Palm anangogwedeza mutu, maso ali pansi. Ewald anaona kuti munthuyo sanakwiye, ndipo mtima unakhala m'malo. Anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachinyadira moyo wake wonse, chimene anzake ambiri m'mudzimo sakanatha kunena za makolo awo. Anaganiza kuti nthawi yochitulutsa ndi imeneyi, kuti mlendoyo apite akudziwa kuti mwana wake akukwatira pa banja la manja oyera.

"Chimodzi chokha ndikuuzeni, asewere, mtima wanu ukhale pansi. Pakhomo pano palibe anapita kunkhondo. Bambo anga anawabweza chifukwa cha mwendo, ankatsimphina chibadwire. Mfuti anadzaigwira mtendere utabwera, ali mlonda wa pamalire. Ntchito yake yachabechabe, kuthamangitsa ozembetsa khofi. Paja masiku amenewo khofi kuno ankasowa, anthu ankachita kubwera naye mobisa kuchokera kwanu. Bambo ankangobisala m'mano muno, kuwaopseza basi."

Anaseka pang'ono, kudikira kuti mnzakeyo asekenso.

A Palm anatembenuka pang'onopang'ono. Anamuyang'ana Ewald kumaso nthawi yaitali.

"Ndani wakuuzani za nkhondo? Bambo anga kunkhondo anabwerako amoyo. Anafera pano mtendere utabwera kale, thumba la khofi lili kumsana. Anzawo amene anathawa anauza amayi kuti nkhope ya mlondayo sanaione, anangoona kayendedwe kake." Anavalanso chipewa. "Mwati bambo anu ankatsimphina?"