Pangano la Pachulu

Padangotero, kalekale, Mfumu Yaikulu Chiwombankhanga ya kuphiri inkalamulira nkhanga za madambo atatu, ngakhale inali isanagonepo kudambo. Chaka ndi chaka inkatsika kudzatenga anapiye, imvekere: "Uwu ndi msonkho wa mthunzi wa mapiko anga."

Anapiye atayamba kutha, nkhanga za madambo onse zinakumana pachulu. Mayi Nachisale, amene anatsala ndi mwanapiye mmodzi yekha, anati: "Abale anga, tipangane kusanapse. Mfumuyi tiikane. Pachulu pano pazikwera mlonda wosankhidwa ndi tonse, azipalasa yekha chakudya chake, ndipo mwezi watsopano ukaoneka azitsika."

Zonse zinavomera, ndipo zinasankha Bambo Lipenga chifukwa cha mawu awo aakulu. Chiwombankhanga akangotulukira, a Lipenga ankakuwa, anapiye n'kulowa paminga, akuluakulu n'kuima mozungulira akulalata. Mfumu ija inazungulirazungulira mpaka njala inaibweza kwawo, ndipo sinabwerenso.

Koma mwezi utaoneka, a Lipenga anakana kutsika.

"Popanda kholingo langali, bwenzi muli ndi ana inu? Muzindibweretsera chiswe pompano!"

"Mwagwira ntchito, achimwene, ndipo tikuyamika," anayankha Mayi Nachisale. "Koma wa kuphiri uja nayenso anayamba ndi kutikumbutsa za mthunzi wake. Tsikani, mudzapalase nafe."

Bwalo linagamula kuti pangano limamanga ngakhale ngwazi yomwe. A Lipenga anaweramitsa mutu, anatsika mwaulemu, n'kuyamba kupalasa pansi ngati nkhanga ina iliyonse.